Laibulale Yathu Imakwera Minibasi

Palabana si kutali ndi Lusaka. Ukatsata msewu wa Leopards Hill, kupitirira Bauleni, n'kupatukira ku msewu wa kwathu kuno, mipanda ya njerwa imayamba kuchepa, ndipo posakhalitsa uona minda ya chimanga, makola ndi ng'ombe zamkaka. Usiku ukaimirira pabwalo n'kuyang'ana kumadzulo, kuwala kwa tauni kumaoneka kumwamba ngati moto wa lupsa. Ambiri amalidziwa dzinali chifukwa cha Palabana Dairy Training Institute, sukulu ya ulimi wa ng'ombe zamkaka imene boma linasankha kuti ikhale yunivesite. Ena amangolidziwira pa zotsatsa mapuloti za pa Facebook. Ine ndinakulira ku Bauleni, koma kuyambira 2019 ndimaphunzitsa sayansi pasukulu ina m'dera lino la Chongwe, ndipo makiyi a laibulale ya pasukulupo amakhala m'chikwama changa.

Ndikati laibulale, musaganize za nyumba ngati ija ya mumsewu wa Katondo m'tauni. Yathu ndi makabati awiri achitsulo m'kachipinda momwe timasungiranso makasu, mipira ndi choko. Muli mabuku a m'kalasi ochepa, oti limodzi amagawana ana asanu, madikishonale atatu, ndi mabuku a mphatso ochokera kunja okamba za chipale chofewa ndi atsogoleri akale a ku America. Kwa zaka zingapo tsopano, gawo lalikulu la laibulaleyi silikhala m'makabatimo. Limakhala pa memori khadi yaing'ono ngati chikhadabo ndi pa laputopu yakale, ndipo Lamlungu lililonse madzulo limakwera minibasi pamodzi ndi ine kuchokera ku Bauleni. Ndikufuna ndikuuzeni mmene zimayendera, inu amene mukuwerenga izi pafoni ku Mtendere, ku Chawama, ku Kanyama kapena ku Matero, chifukwa pali mbali ya ntchitoyi imene sindingaithe popanda inu.

Za makompyuta m'sukulu ndinayamba kuziganizira chifukwa cha mng'ono wanga. Maphunziro atsopano amene anayamba mu 2014 anabweretsa phunziro la Computer Studies ku Giledi 8 ndi 9, ndipo iye anali m'gulu loyamba kulemba mayeso ake kumapeto kwa 2015. Zaka ziwiri zonse anaphunzira kompyuta pabolodi. Aphunzitsi ankajambula kiyibodi ndi choko, ana n'kukopera m'makope, n'kuloweza dzina la batani lililonse. Pa tsiku la mayeso ogwira ndi manja, ana mazana ankadikira makompyuta owerengeka, malaiti akupita ndi kubwera. Zinachitika m'masukulu ambiri m'dziko muno, ndipo manyuzipepala analemba za ana amene anatuluka m'chipinda cha mayeso pakati pa usiku. Ine ndi amai tinakamudikira pageti ndi tochi. Atatuluka anati mafunso sanali ovuta, chimene chinamugwetsa ulesi ndi mausi: dzanja linkanjenjemera, kamuvi n'kumathawira m'mphepete mwa sikilini. Kuyambira tsiku limenelo, ndikamva akuluakulu akunena kuti masukulu alowa mu dijito, ndimafunsa kaye kuti mwana wagwira chiyani ndi dzanja lake, ndipo kwa mphindi zingati.

Funso lomweli linandipeza ndili mphunzitsi pamene kolona inafika. Pa 20 Marichi 2020 masukulu onse anatsekedwa. Boma linatsegula tchanelo cha maphunziro pa ZNBC TV4, ndipo Zamtel pamodzi ndi Examinations Council of Zambia anakhazikitsa Smart Revision, pomwe mwana ankatha kubwereza mafunso a mayeso pa intaneti. Zinali zinthu zothandiza, ndipo ana a abale anga ku Lusaka anazigwiritsa ntchito. Kuno ife tinatsegula gulu la WhatsApp la makolo a Giledi 9. Pa ana 58 a m'kalasi langa, manambala amene analowa m'gululo anali 19, ndipo pafupifupi onse anali mafoni a atate. Foni ya atate ili ndi ulendo wake. Imadzuka 4 koloko mbandakucha kukakama, imakwera njinga pamodzi ndi zigubu za mkaka, imapita ku pisiweki kumafamu kapena kukamanga nyumba ku Silverest, imabwera madzulo batire itatha. Mwana amaigwira mphindi khumi pamene atate akusamba. Vidiyo inali yosatheka, chifukwa bandulo yake ndi ndalama ya ndiwo. Chimene chinayenda ndi mawu ojambulidwa, afupiafupi, m'Chinyanja chosakaniza ndi mawu a Chizungu a m'mayeso, ndi chithunzi chimodzi cha mafunso olembedwa pamanja. Ana ena 39 aja ndinakumana nawonso pa 1 Juni, pamene makalasi a mayeso anatsegulidwa. Ena anali asanatsegule kope kwa miyezi iwiri, ndipo atsikana awiri sanabwererenso.

Nthawi imeneyo ndiyo inandionetsa kusiyana kwa intaneti ndi katundu wa pa intaneti. Intaneti ili ngati msewu wokhala ndi tologeti: ukadutsa, ulipira. Koma katundu ukamudutsitsa kamodzi, ukhoza kumugawa kangati konse popanda kulipiranso. Ndiye Lachisanu ndimapita kwathu ku Bauleni, kumene netiweki ndi yamphamvu, ndimagula bandulo ya usiku chifukwa ndiyo yotchipa, n'kusiya laputopu ikutsitsa zinthu ife tili mtulo. Pulogalamu yoyamba ndi Kiwix, imene imasunga Wikipedia, yonse kapena chigawo chake monga cha sayansi, mu fayilo imodzi yoti uwerenge popanda netiweki. Yachiwiri ndi Kolibri, yopangidwa ndi bungwe la Learning Equality, ndipo ndiyo timadalira kwambiri. Umasankha maphunziro amene ufuna, monga mavidiyo a masamu a Khan Academy kapena timabuku ta ana ta African Storybook, n'kuwatsitsa kamodzi kokha. Ukafika kusukulu, laputopu imakhala ngati chitsime. Umayatsa karauta kopanda simu khadi, ndipo foni kapena tabuleti iliyonse imene ili pafupi imatunga pa waifai imeneyo osadya ngakhale ngwee imodzi. Mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo timapatsirana pa Xender kapena pa Bluetooth, mmene inu mumapatsirana nyimbo za Yo Maps.

Zimene zida zimenezi zimachita bwino ndaziona ndi maso. Tilibe mabatire okwanira, mababu, kapena chida choyezera mphamvu ya magetsi. Pa mutu wa magetsi ndimatsegula PhET, zoyeserera zaulere za ku yunivesite ya Colorado Boulder ku America, zimene zimagwiranso popanda netiweki. Mwana amakoka waya ndi chala, amalumikiza batire ndi babu, babu n'kuyaka pasikilini. Akawonjeza babu lachiwiri pamzere womwewo, onse awiri amazilala. Akalipatsa njira yakeyake yochokera ku batire, onse amawala mofanana. Chinthu chimene ndinkafotokoza pabolodi kwa sabata yathunthu amachigwira m'mphindi makumi awiri, kenako amayamba kukangana okhaokha za chifukwa chake. Mnyamata wina anachotsa babu n'kulumikiza waya kuchoka ku batire kubwerera ku batire komweko. Batire la pasikilini linayaka moto, kalasi lonse linakuwa. Tsiku limenelo aliyense anamvetsa ntchito ya fyuzi, ndi chifukwa chake nyumba za m'komboni zimapsa ndi mawaya olumikiza mwachisawawa. Koma dziwani kuti zida zathu ndi laputopu imodzi, matabuleti anayi amene tinapatsidwa, ndi foni yanga. Ana amakhala m'magulu a khumi kapena kupitirira, ndipo ine ndimayenda ndi wotchi kuti chida chidutse m'dzanja la aliyense, makamaka atsikana, amene anyamata amakonda kuwasiyira ntchito yolemba m'kope.

Mu Janyuwale 2022 boma linachotsa malipiro a sukulu, ndipo ana amene anali atakhala pakhomo anabwerera. Makalasi anadzaza mpaka kukhomo. Zinatikondweretsa, koma matabuleti anakhalabe anayi. Kenako chinabwera chaka cha 2024. Kolera inachedwetsa kutsegula masukulu mpaka pa 12 Febuluwale, ndipo pa 29 mwezi womwewo Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse. Madzi a ku Kariba atatsika, malaiti ankapita maola 17 kapena kupitirira patsiku, ndipo laibulale ya pa batire inagona. Pamsonkhano wa makolo, bambo wina wachikulire, amene chimanga chake chinapsa m'munda chaka chimenecho, anafunsa kuti, "Nanga ba Madamu, ana azidya kompyuta?" Funsolo linali loyenera. Amene anawayankha ndi mai wina wogulitsa mkaka. Anati mwana wake ndiye amamuwerengera mameseji a ndalama za pafoni, ndipo safuna kuti mwanayo adzakule akubedwa mmene iye amabedwera. Makolo anasonkha mwa kufuna kwawo, pang'onopang'ono, kwa matemu awiri, mpaka tinagula sola imodzi ndi batire. Za Starlink, imene inafika m'Zambia mu Okutobala 2023, timazimva, koma malipiro ake a mwezi ndi mwezi si a sukulu ngati yathu.

Aphunzitsinso timadalira foni kuposa mmene timavomerera. Mu 2025, pamene maphunziro anasinthanso ndipo Giledi 8 inasanduka Fomu 1, masilabasi ndi zothandizira mphunzitsi zinatifika ngati ma PDF m'magulu a WhatsApp mabuku osindikizidwa asanaoneke. Amene sanali m'gulu, kapena analibe bandulo tsiku limenelo, anatsala. Pasukulu pathu pali mai wina wachikulire amene watsala pang'ono kupuma pantchito. Palibe amene amamuposa pophunzitsa mwana kuwerenga, koma laputopu ankaiyenda motalikira ngati galu wolusa. Tinapangana kusinthana: ine ndimawaonetsa potsegula ndi potseka, iwo amandiuza kabuku kamene kakuyenera mwana uti. Tsopano akangoona tsamba loyamba amadziwa ngati ndi la mwana amene akuphatikiza kumene zilembo kapena la amene wayamba kuthamanga. Laputopu siidziwa zimenezo.

Kusankha kumeneku ndiyo ntchito imene siioneka. Anthu amati pa intaneti pali zonse, ndipo n'zoona, monga mmene ku Soweto Market kulili zonse: tomato wabwino, tomato wowola ndi opisa m'matumba. Mwana ukamupatsa foni ndi bandulo popanda womuperekeza, amakathera pa TikTok kapena pa kandeke, kubetcha ndalama imene anamutuma nayo kukagula saladi. Mayeso akayandikira, m'magulu a WhatsApp mumadzaza anthu ogulitsa malikeji. Ana amatumiza ndalama, n'kulandira pepala la chaka china losinthidwa deti, kapena osalandira kanthu. Ndiye Loweruka langa limathera pa kuonera mavidiyo mmodzimmodzi, kutaya a Chizungu chothamanga kwambiri, kutaya osagwirizana ndi silabasi, kusunga atatu pa makumi awiri. Pamene Zambia Library Service inakhazikitsidwa mu 1962, ntchito yake inali yomweyi: kusankha mabuku ndi kuwafikitsa kumadera akutali. Chasintha ndi kulemera kwa katundu chabe.

Tsopano ndifike pa chimene chimandisowetsa tulo. Temu ina tinkaphunzira za tizilombo tosaoneka ndi maso ndi kasungidwe ka chakudya. Ndinapereka ntchito ya kunyumba: fotokozani mmene mkaka umasungidwira kuti usawonongeke. Mnyamata wina, amene amakama ng'ombe zisanu m'mawa uliwonse asanabwere kusukulu, anabweretsa tsamba lathunthu la Chizungu chosalala. Anabwereka foni ya amalume ake n'kufunsa ChatGPT. Munali za mafiriji, za madigiri 4, za mathanki achitsulo ndi malole ozizira. Zonse zinali zoona.

"Nanga kwanu mumachita bwanji?" ndinamufunsa.

Anaseka mwamanyazi. "Ah, ba Madamu, vija ni va kumunzi chabe. Si sayansi."

Nditamukakamiza anayamba. Amatsuka mawere a ng'ombe ndi madzi ofunda. Mkaka woyamba amaukamira pambali kuti aone ngati muli magazi kapena timibulu. Amasefa pansalu yoyera. Zigubu amazitsuka ndi madzi otentha n'kuziyanika padzuwa zitazondoka. Mkaka wa m'mawa amathamangira nawo kokagulitsa dzuwa lisanakwere, ndipo wa madzulo ambuya ake amauwiritsa, kapena amausiya m'chipanda kuti ukhale mabisi, amene ena amati chambiko. Ndinauza kalasi kuti zonsezo ndi sayansi. Kuwiritsa kumapha tizilombo ta TB ya ng'ombe ndi ta brucellosis. Kufakitale amachita chimodzimodzi potenthetsa mkaka pa madigiri 72 kwa masekondi 15. Mabisi sawola msanga chifukwa mabakiteriya abwino amasandutsa shuga wa mumkaka kukhala asidi, ndipo asidiyo amalepheretsa tizilombo toipa kuswana. Mnyamatayo ankadziwa zambiri kuposa tsamba lija, koma popeza foni sinazitchule, anaganiza kuti n'zosayenera kulembedwa.

Foni sinazitchule chifukwa ndi ochepa amene anaziikamo. M'nkhokwe umatapa zimene zinatutidwa kumunda. Wikipedia ya Chizungu ili ndi nkhani zopitirira 6 miliyoni, pamene ya Chinyanja siifika ngakhale 2,000. Google Translate inalandira chinenero chathu mu 2014, koma yesani kuilembera mmene timakambira pa Kulima Tower muone mmene imasokonezekera. Ndipo ana anga ambiri ali patali kuposa pamenepo. Dera lino ndi la Asoli, pansi pa Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II. Kunyumba ambuya amakamba Chisoli, chimene sichili m'gulu la zinenero zisanu ndi ziwiri zophunzitsidwa m'sukulu. M'kalasi muli Chinyanja ndi Chizungu. Pafoni pali Chizungu pafupifupi chokhachokha. Chaka ndi chaka ana amapita ku Chakwela Makumbi kukaona mfumu ikupempha mvula ndi kutsegulira nyengo yolima, koma tikafufuza za mwambowu timapeza zithunzi za alendo olemekezeka ndi ndime ziwiri zitatu zongobwerezana. Mwana akaona zimenezi kwa zaka zambiri amayamba kukhulupirira kuti nzeru zimachokera kwina, ndipo za kwawo ndi zongocheza pamoto.

Si ine woyamba kuona vutoli, ndipo ena anachitapo kanthu kalekale. Bungwe la Lubuto Library Partners linatsegula laibulale yake yoyamba mu 2007 pa Fountain of Hope ku Kamwala, ndipo yachiwiri mu 2010 pasukulu ya Ngwerere ku Garden. Pansi pa bungweli, aphunzitsi ndi achinyamata a m'Zambia momwemuno anapanga maphunziro 700 a pakompyuta ophunzitsa kuwerenga, 100 pa chinenero chilichonse mwa zisanu ndi ziwiri zija. Linafufuzanso timabuku takale ta nthano za m'dziko muno timene tinasowa m'masitolo, n'kutijambula kuti tipezeke pa intaneti. A iSchool anaika maphunziro a pulayimale pa tabuleti ya ZEduPad m'Chizungu ndi m'zinenero zathu. African Storybook, ya bungwe la Saide la ku South Africa, imalola aliyense kutsitsa kabuku, kukamasulira, kukasindikiza kapena kulemba kake popanda kulipira. Ngakhale kale zinali choncho. Nthano za Julius Chongo za mu Poceza M'madzulo, zimene makolo athu ankamvera pawailesi m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, tikhoza kuziwerenga lero chifukwa Ernst Wendland anakhala pansi ndi matepi n'kuziika m'buku. Paliponse pamene mupeza Chinyanja choti muwerenge, pali munthu amene anapereka nthawi yake kuchiikapo.

Ndiye ifenso tinayamba. Pa laputopu pali foda yotchedwa Zathu. Lachitatu masana ndimapita ndi ana a kalabu ya laibulale m'midzi yapafupi kukajambula mawu a akuluakulu, ndipo Lachisanu, ndisananyamuke, timamvetsera, kulemba ndi kutaipa. Tsamba loyamba linali la mnyamata wa mkaka uja. Lachiwiri linali la mmene amadziwira ng'ombe yodwala denkete, nthenda yobwera ndi nkhupakupa, ndi chifukwa chake dipi siyenera kudumphidwa nthawi ya mvula. Mulinso mayina a mitengo m'Chisoli ndi m'Chinyanja, kapangidwe ka munkoyo, ndi nkhani ya chilala cha 1992 yosimbidwa ndi anthu amene anadya nsima ya chimanga chachikasu chaka chimenecho.

Sitijambula munthu asanavomere, ndipo sitiika nkhope kapena dzina la mwana pa intaneti. Dziko lili ndi lamulo lake pa zimenezi, Data Protection Act ya 2021, koma ngakhale likanakhala palibe, ulemu umafuna chomwecho. Ambuya ena titawafikira anayang'ana foniyo nthawi yaitali.

"Mawu angawa mupita nawo kuti, mwana wanga?"

"Tikawasunga kusukulu, ambuya, kuti adzukulu anu aziwamva ndi kuwawerenga."

"Nanga a ku Lusaka?"

"Mukalola, nawonso adzamva. Mukakana, akhala m'kabati."

Anaganiza kaye. Kenako anati za ulimi, za mvula ndi za mayina a malo tijambule, zipite kulikonse kumene zifuna. Za kuchinamwali anati tisafunse n'komwe, chifukwa zili ndi eni ake ndi nthawi yake, ndipo sizilowa mufoni. Ana anamva okha kuti si chilichonse chimene chiyenera kukwera pa intaneti, ndipo anamva kwa munthu amene sanakhalepo ndi foni.

Mdzukulu wa ambuya amenewo ndi mtsikana amene anafika ku sekondale akuwerenga modukizadukiza, ndipo ankakhala kumbuyo kuti asatchulidwe. Mai wachikulire uja anamusankhira timabuku ta Chinyanja ta African Storybook, ta ana aang'ono, kuti aziwerenga pa tabuleti nthawi ya buleki, yekha pakona popanda womuseka. Zinathandiza. Koma chimene chinamumasula ndi mawu a ambuya ake. Kuti awalembe anayenera kumvetsera, kuimitsa, kubwereza, n'kufunsa kuti liwu ili limalembedwa bwanji. Ndime imodzi inamutengera masabata awiri. Atamaliza anaiwerenga pamaso pa kalasi, ndipo mkangano wokha umene unabuka unali wa dzina la kamtsinje kena. Chizungu chikumuvutabe, ndipo mayeso amalembedwa m'Chizungu. Koma amabwera kusukulu tsiku lililonse, ndipo ndiye amataipa mwachangu kuposa onse m'kalabu. Amai ake, amene ankakamba zomutumiza kukagwira ntchito ya m'nyumba ku Woodlands, anati ayambe walemba kaye mayeso.

Foda ya Zathu ili ndi masamba 43 lero. Ana awawerenga onse, ena kawiri katatu, ndipo akufunsa ena. Apa ndi pamene mukufunika inu. Muli ndi netiweki imene ife timaikwerera minibasi, ndipo tsiku lililonse mumalemba Chinyanja chambiri m'makomenti ndi m'masitetasi amene amafufutika pakatha maola 24. Patulani madzulo amodzi mulembe tsamba limodzi la chinthu chimene mumachidziwa bwino: mmene kondakitala amawerengera chenji cha basi yonse pamtima, mmene amai anu amapangira chikanda, mmene mumapulumutsira foni yogwera m'madzi, zimene ambuya anu amakumbukira za Kalingalinga kapena Chibolya wakale. Lembani mmene mumakambira. Liikeni poti lingapezeke chaka chamawa: m'magazini a pa intaneti, pa African Storybook, kapena pa Wikipedia ya Chinyanja ngati ndi nkhani yokhala ndi umboni. Ngati muli ndi foni yakale m'dirowa imene waifai yake ikugwirabe, pitani nayo kusukulu yapafupi nanu, mukafunse amene amasunga makiyi a laibulale. Kwa ife foni imodzi imachepetsa gulu la ana khumi kukhala la asanu ndi atatu, ndipo mutu umodzi susenza denga. Chilichonse cha m'Chinyanja chimene ndachipeza ndimachitsitsa Loweruka usiku, ndipo Lolemba pa buleki ana amakhala atandanda kale pakhomo la kachipinda ka makasu, kufunsa ngati ndabweretsa chatsopano.